Mchere wa mu Nandolo

Mwina nanunso mwamvako zimene amayi akhala akunong'onezana kumtsinje miyezi yonseyi, zoti Esteri, uja ankaphika kwa Dona ku mishoni, anapha mwamuna wake ndi mchere wosadzaza n'chikhatho chomwe. Amanena motsitsa mawu, maso ali uku ndi uku, koma amanenabe. Ena amati ayi, si Esteri, anapha munthu ndi Dona. Ndipo nkhaniyi ikamayenda imanka ikunenepa, moti ku Nkando akuti anafa amuna asanu ndi awiri, chikhalirecho ife tinaika mmodzi yekha. Ndiye ndati ndilembe mmene zinayendera, poti ife a kalasi yosoka timakhala pakhonde loyang'anana ndi khitchini, ndipo kusoka kumagwira manja okha, makutu amangokhala alibe chochita.

Mishoni yathu ili m'tsinde mwa phiri, pamene mtambo umatsikira kukamachita chiperoni. Mzungu wake dzina lake lenileni n'lovuta kutchula, ndiye aliyense amangoti Bwana Njerwa, chifukwa chifikireni kuno zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo sanasiye kuumbitsa njerwa. Si munthu woipa ayi. M'mawa amaimba belu yekha, kenaka mapemphero, kenaka amakhala pakhonde ndi chitsulo chake chozulira mano, anthu ali pamzere atagwira masaya. Akachoka apo ali kunyumba ya odwala kutsuka zilonda, masana ali ku uvuni, madzulo ali patebulo ndi mphunzitsi kufunsa kuti mawu akutiakuti a m'Buku tingawanene bwanji m'chinenero chathu. Malungo amamugwetsa mwezi ndi mwezi. Amamwa kwinini mpaka makutu kugontha, n'kudzukanso kupita ku njerwa zake.

Mkazi wake, Dona Janeti, ndi wowonda, wa maso olowa. Mwana wake mmodzi yekhayo anamuika kuseri kwa tchalitchi chakale ali ndi miyezi isanu ndi inayi. Makalata ochokera kwawo amayenda miyezi itatu, moti zoti amayi ake amwalira anamva udzu utamera kale pamanda. Chiyambire pamenepo Dona sakhala pansi. Amatiphunzitsa kusoka, kusita, kuwerenga, ndipo akapeza mpata amasaka zachikunja. Sizasi sichoka m'thumba la epuloni yake. Akaona khanda lili ndi kachingwe ka mankhwala m'chiuno amangoti dwe, mayi wake ali chiyang'anire.

Esteri anakulira m'manja mwa Dona ameneyu. Anabwera ali kumsana kuchokera kutsidya kwa Ruo, amayi ake akuthawa ntchito ya kalavulagaga ya Apwitikizi, ndipo mayiwo anangofika pachipata cha mishoni n'kugona osadzukanso. Choncho Esteri analibe malume, analibe mudzi. Lenard atamufunsira panalibe koti n'kukakhala chikamwini, ndiye Bwana anawapatsa kanyumba ka njerwa ka zipinda ziwiri kuseri kwa shedi ya matabwa. Anali ndi mwana mmodzi, Lines. Lenard anali kapitawo wa ocheka matabwa, munthu wa nthabwala, wa mano oyera. Ankakwera phiri n'kukhalako masabata atatu kapena anayi akucheka mkungudza, akugona m'mapanga, ndipo Lamulungu akakhala kumunsi kuno ndi amene ankawerenga Buku m'tchalitchi, chifukwa mawu ake ankafika mpaka kukhomo.

Tsono inu mukudziwa, kapena ngati ndinu mwamuna mumachita ngati simudziwa, kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Akathira, wodya ndiwozo amagwidwa tsempho, makamaka mwamuna wake. Amayamba n'kutsokomola, miyendo n'kutupa, mapeto ake magazi m'kamwa. Esteri ngakhale analeredwa ndi mzungu, zimenezi anamuuza amayi osinja chimanga cha mishoni tsiku lomwe anakula. Ndiye masiku oterowo ankangoima pakhomo la khitchini n'kukodola kamwana kalikonse kodutsa, kamwanako n'kutapa mchere, n'kuponya mumphika, n'kupita. Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha chonchi. Bwana ankadya, Dona ankadya, palibe anafunsa.

Zinaululika mopusa. Tsiku lina Dona analowa m'khitchini mwadzidzidzi n'kupeza kamtsikana ka zaka zisanu katapisa dzanja m'chitini cha mchere. Anakagwira khutu akuti wakuba, n'kuyamba kukakokera kunja. Kamwana kanalira, ndipo Esteri, pofuna kukapulumutsa, ananena kuti anakatuma ndi iye. Dona anafunsa chifukwa chake. Esteri anazungulira uku ndi uku, mpaka ananena kuti dzanja likumupweteka, koma Dona akafunsa sasiya. Pomaliza anamuuza zonse, maso ali pansi. Ife pakhonde tinkayembekeza kuti pamveka kukalipa, koma Dona anangotuluka. Esteri anayesa zathera pomwepo.

Zinali zisanathe. Dona anali atadziwa tsopano poonera masiku a Esteri, ndipo anadikira. Patapita miyezi iwiri linafika tsiku limene ocheka matabwa ankatsika ndi matabwa otsiriza a denga la tchalitchi chatsopano. Bwana analamula kuti awaphikire onse, amuna makumi awiri. Esteri anatereka nkhali yaikulu ya nandolo, ndipo itatsala pang'ono kupsa anasuzumira panja kufuna mwana. Anapeza Dona ataima pakhomo pomwepo, chitini cha mchere chili m'manja.

“Lero uthira wekha,” anatero Dona.

Esteri anagwada pansi. Anapempha kuti ngati n'koyesa ayesere m'mbale ya Dona yokha, kapena ya Bwana, poti mwina azungu sizimawagwira. Dona anati n'chifukwa chake sakufuna mbale ya azungu, akudziwa kuti anthu adzanena zomwezo.

“Dona, bambo a Lines adya nawo pamenepa.”

“Ndikudziwa. Adya, ndipo sadzafa. Ndiye udzaona wekha kuti wakhala ukuopa chinthu chimene kulibe. Ndinakulera ine, Esteri. Ndingakuuze kuti uphe mwamuna wako?”

Sananene mokalipa ayi. Anamudzutsa bwinobwino, n'kumugwira pamkono ngati mmene ankamugwirira pomuphunzitsa kulemba pa sileti. Esteri anatapa, mchere wina n'kutayikira pamafuwa. Wotsalawo unalowa mu nandolo. Dona anavundula yekha, n'kulawa ndi supuni katatu Esteri akuona.

Esteri anaganiza zothamanga kukakumana ndi mwamuna wake panjira kuti amuuze asadye. Koma amuna aja anali atafika kale pabwalo, thukuta lili kamukamu, akuimba nyimbo yawo yotulira matabwa, ndipo Dona anagwira yekha chipande n'kuyamba kugawa, chinthu chimene anali asanachitepo. Esteri akanamuuza bwanji mwamuna wake pagulu la amuna? Anaima kuseri kwa chitseko n'kumaonera pa mng'alu. Lenard anadya, anapempha zina, anapukuta mbale ndi chala. Kenaka anaponya mawu kukhitchini kuti anzake aseke.

“Amake Lines, lero ndiye mwatikumbukira. Kumtunda kuja timadya zozizira ngati anyani.”

Amuna anaseka. Esteri anakhala pansi pa nkhuni.

Sabata yoyamba ankamuyang'ana mapazi m'mawa uliwonse, akunamizira kumupatsa madzi osamba. Sanatupe. Kutsokomola ankatsokomola, koma chifuwa chimenecho anali nacho chiyambire chaka chatha, pamene chiperoni chinawatsekera kuphiri masiku asanu ndi atatu opanda moto weniweni. Ndipo Esteri anali atachapapo kale kansalu kake ka m'thumba kali ndi timadontho tofiira, miyezi itatu nandolo asanaphikidwe. Sabata yachiwiri inatha, amuna makumi awiri onse ali pamwamba pa tchalitchi kukhoma. Mtima wa Esteri unayamba kutsika. Anafika poganiza kuti mwina Dona akunena zoona, ndipo tsiku lina tinamumva akuimba potsuka mbale. Zikanathera pamenepo sindikanakhala ndi cholemba.

Koma Dona anauza Bwana, ndipo Bwana anakondwa kwambiri. Muyenera kumvetsa, munthu uyu anali atalalikira zaka zonsezo kuti anthu asiye kuopa za makolo, anthu n'kumavomera “inde Bwana” kenaka n'kupita kukachita zomwezo. Tsopano anali ndi chinthu chogwirika. Lamulungu lachitatu anakwera pa guwa nkhope ikuwala, tchalitchi chitadzaza, amuna mbali yawo, akazi mbali yathu. Lenard anali kutsogolo, Buku lili pamiyendo, akudikira nthawi yake yowerenga.

Bwana anayamba ndi kufunsa amene anadya nandolo tsiku la matabwa kuti akweze manja. Anakweza, akumwetulira, akuyesa akufuna kuwayamikira za denga. Kenaka ananena, mawu onse bwinobwino, opanda kuphimba ngakhale amodzi, kuti tsiku limenelo mlongo wathu Esteri anali m'masiku ake a mwezi, ndipo anathira mchere ndi dzanja lake. Anafunsa kuti wafa ndani. Anafunsanso kachiwiri. Ndiye anauza Esteri kuti aimirire, mpingo uone mkazi wa chikhulupiriro.

Ine chibadwire sindinamvepo tchalitchi chili chete choncho. Manja aja anatsika limodzilimodzi. Amayi anakokera nsalu kumaso. Zinthu zimene ngakhale mwamuna wako suzitchula pamaso pake, zinanenedwa pa guwa, pamaso pa akuluakulu ndi ana omwe. Esteri anaimirira chifukwa anauzidwa kutero, atagwira benchi ya kutsogolo, akuyang'ana njerwa za pansi. Bwana ankamumwetulira ngati bambo wonyadira mwana wake. Kumbuyo amuna anayamba kutuluka mmodzimmodzi ngati akupita kukataya madzi, osabwereranso. Itakwana nthawi yowerenga, Lenard anaimirira, anatsegula Buku, n'kutsokomola kamodzi kokha. Mitu yonse inatembenukira kwa iye. Kuyambira tsiku limenelo palibe anakumbukiranso kuti munthuyu ankatsokomola kale.

Kunyumba sanamukalipire, sanamumenye. Anavula jekete lake la Lamulungu, n'kulipachika pa msomali, n'kukhala pa mpando umene anapanga yekha.

“N'zoona zimenezi, amake Lines?”

“N'zoona.”

“Ndiye munkandiyang'ana mapazi masiku onse aja?”

Lenard anaseka pang'ono n'kunena kuti zilibe kanthu, iye ndi munthu wowerenga Buku, za tsempho anazisiya kalekale. Koma chakudya cha masana anangonyema kawiri n'kusamba m'manja.

Anzake khumi ndi asanu ndi anayi aja anazemba sabata yomweyo kupita kumidzi kwawo kukamwa ndi kusamba mizu, n'kubwerera ku ntchito ali bwinobwino. Anthu anati mwaona, mankhwala awapulumutsa. Dona anati mwaona, mchere sunawachite kanthu. Koma kwa mwamuna wa mkazi wothira mchereyo kusamba kokha sikukwanira, ndipo Lenard, munthu woimirira kutsogolo kwa mpingo, sakanatha n'kuzemba komwe. Anapitiriza kukwera padenga mpaka tsiku lina anachita chizungulire, anzake n'kumutsitsa ndi chingwe. Panthawiyo kudya anali atasiyiratu. Esteri akaphika ankati sakumva njala. Akaphika mnansi ankalawako pang'ono. Mwezi usanathe mapazi anatupa, zala zake ngati nthochi, ndipo Bwana anamugoneka m'nyumba ya odwala.

Bwana anamuika kachitoliro kake ka mtengo pachifuwa ndi pamsana, anamvetsera nthawi yaitali, n'kuuza Esteri panja kuti ndi chifuwa chachikulu, chakhala chikumudya mwina chaka chathunthu, ndipo kwawo ku Ulaya chimapha anthu ambirimbiri amene sanamvepo za mchere. Anamulembera mafuta a nsomba onunkha aja, mkaka ndi mazira, ndipo anati chachikulu n'chakuti adye. Akadya akhoza kukhala zaka. Akapanda kudya, mvula sadzaiona. Esteri anagwira mawu amenewo. Koma pobwerera kunyumba anayamba kudzifunsa za kansalu ka timadontho kaja, kuti kodi anakachapa nandolo asanaphikidwe kapena ataphikidwa kale. Poyamba ankadziwa bwinobwino. Tsopano akakumbukira, masiku ankasokonekera.

Ndiye kunabwera Dinala, mlongo wake wa Lenard, kuchokera kumudzi kwawo cha ku Limbuli. Dinala si wa mpingo, ndipo ana ake anayi ankayang'ana kwa Lenard monga malume awo, mwini mbumba. Anakaona mlongo wake, anatuluka osalira, n'kulunjika kwa Esteri. Sanalandire madzi, sanakhale pamphasa. Anamasula mfundo ya nsalu yake n'kutulutsa kamtolo ka mizu yosinjasinja. Ananena kuti zochita zake n'zochepa: Esteri aphike phala, athiremo mizuyo ndi kamchere ndi dzanja lomwe lija, apite nalo kwa mwamuna wake, ndipo anene ndi pakamwa pake, momveka, kuti ndine ndinakusemphani. Popanda mawu amenewo mizu siigwira.

“Mlamu, sindinabwere kudzakutukwanani. Anakugwirani dzanja, ndamva. Koma dzanjalo ndi lanu. Lero ndi Lachiwiri. Musafikitse Lachisanu.”

Apa ndi pamene Esteri anachita chinthu chimene amayi akumtsinje amati ndi uchitsiru, koma munthu woleredwa ndi Dona sakanachita china. Anapita kukapempha chilolezo. Anamupeza Dona akusita malaya a Bwana, n'kumufotokozera zonse, mpaka kumuonetsa kamtolo kaja. Anati iye sakunena kuti mizu ichiritsa chifuwa, akungofuna kuti bambo a Lines adye. Dona anaika simbi pansi. Anati akanena mawu amenewo ndiye kuti wanena pamaso pa anthu onse kuti Bwana ananama pa guwa, ndipo akazi onse amene ayamba kulimba mtima abwerera m'mbuyo. Anatinso akulu a mpingo sadzachitira mwina koma kumuchotsa, ndipo nyumba ya njerwa ija ndi ya anthu a mpingo. Kenaka anayamba kulira, Dona amene sitinamuonepo akulira ngakhale pamanda pa mwana wake.

“Mwana wanga atatentha thupi, amayi osinja anandibweretsera mizu kukhomo lakuseri. Ndinaitaya. Ukuganiza kuti sindinkafuna kuti akhale moyo?”

Esteri anatuluka, kamtolo kali m'manja. Dona sanamulande, ndipo ena amati anachita dala.

Lachisanu linafika n'kupita. Esteri anakwirira kamtolo mu ufa. M'mawa uliwonse ankaphika za azungu, n'kuphika phala la mkaka ndi dzira monga ananenera Bwana, n'kupita nalo kunyumba ya odwala. Lenard ankalandira mbale, n'kuthokoza mwaulemu ngati mlendo, n'kuiika pansi pa bedi. Bwana anayesa kumudyetsa yekha ndi supuni, akumuwerengera mavesi. Lenard ankameza kuti asamukhumudwitse, Bwana akangotuluka zonse n'kubwerera. Dinala ankagona kwa mayi wina kunja kwa mpanda wa mishoni, ndipo tsiku lililonse ankabwera kudzakhala pansi pa mtengo wa mbawa moyang'anana ndi khitchini, akungoyang'ana chitseko. Esteri ankapemphera kuti Mulungu amuonetse chochita. Akaganiza za nyumba, ankaona kuti alibe kwina kopita ndi Lines. Akaganiza za Dona, ankakumbukira kuti ndi amene anamuchotsa pamsana pa mtembo. Masabata atatu anatha chonchi.

Tsiku lina atabwera ndi phala, anapeza Lenard atatsamira khoma, nkhope itatupa mpaka maso kuchepa. Anamufunsa mosazungulira ngati akufuna kuti achite zimene Dinala wanena. Lenard anati ayi, iye sakhulupirira zimenezo, ndipo asadzataye nyumba chifukwa cha mizu. Analankhula nthawi yaitali ndithu, akupumira m'kati, za mmene Bwana anamuphunzitsira kuwerenga ali kale ndi ndevu. Esteri anatola mbale kuti azipita. Atafika pakhomo anamva mawu kumbuyo, otsika kwambiri.

“Koma mizu ija simunataye, eti?”

Esteri anachita za Dinala zija m'mawa mwake, dzuwa lili poti, Bwana ali pakhonde ndi odwala mano. Anaphikira kunyumba kwake, anathira mizu, anathira mchere, n'kudutsa pabwalo lonse la mishoni mbale ili m'manja osaiphimba. Ife tinamuona, singano zinaima. M'nyumba ya odwala munali anthu ena asanu ndi mmodzi ndi owadikirira awo. Anagwada pambali pa bedi, ndipo sananong'one, poti Dinala anati momveka.

“Bambo a Lines, ndine ndinakusemphani. Ndinathira mchere ndili kumwezi, ndipo ndinakuonani mukudya osakuuzani. Idyani.”

Lenard anatseka maso, misozi n'kutsikira m'makutu. Kenaka analandira mbale n'kudya phala lonse, ndipo silinabwerere. Madzulo anadyanso. M'mawa mwake anapempha mbatata yootcha. Tsiku lachitatu anatuluka yekha kukakhala padzuwa, n'kumaseka anzake a padenga kuti akhoma mzere wokhota ngati njira ya munthu woledzera. Esteri anamumeta tsitsi pomwepo, Lines akusewera pamiyendo pake. Dinala anabwerera kumudzi kukauza anthu kuti mlongo wake wadzuka. Bwana, amene anali atamva zonse ola lomwe zinachitika, anayenda masiku atatu amenewo osalankhula ndi munthu, koma mazira anapitiriza kutumiza.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, chakumasana, Lenard anatsokomola ali pa mpando panja paja, ndipo magazi anatuluka ambiri, osati timadontho. Pamene Bwana ankafika akuthamanga kuchokera ku uvuni, manja ali matope okhaokha, anapeza mutu wake uli pamiyendo pa Esteri, atapita kale.

Bokosi anakhoma anzake, ndipo Bwana analalikira yekha pamaliro. Za mchere sanatchule. Dinala anafika mtembo utatsala pang'ono kunyamulidwa, ndipo polira ananena zonse anthu akumva: kuti mkaziyu anavomera yekha ndi pakamwa pake, kuti mankhwala anali nawo m'nyumba masabata atatu, kuti akanapereka Lachisanu lija bwenzi mlongo wake akucheka matabwa. Palibe anamuletsa. Amayi amene anabwera kudzaphika pamaliro anamuuza Esteri mwaulemu kuti apume, asavutike kuyandikira kumoto.

Akulu a mpingo anakhala pansi patatha sabata ziwiri. Sanatalikitse, poti mboni zinalipo zambiri ndipo mwini wake sanakane. Anamuchotsa pa Mgonero ndi mumpingo kufikira atadzaimirira pamaso pa onse n'kunena kuti mawu amene ananena kwa mwamuna wake anali abodza. Esteri anati sangathe. Anamufunsa ngati ndiye kuti akukhulupirira kuti anamupha. Anati sakudziwa. Mkulu wina anamuuza kuti asankhe chimodzi, koma iye anangobwereza kuti sakudziwa.

Tsiku lochoka m'nyumba ya njerwa ija Esteri anabwera kukhitchini kudzasiya epuloni ndi makiyi a kabati. Dona anali m'katimo akulimbana ndi moto, maso ofiira ndi utsi, chifukwa chisiyireni Esteri ntchito panalibe mkazi wina amene anavomera kuphika kumeneko. Anayang'anana. Dona anayamba kunena kuti chifuwa chija chikanamupha ndithu, mizu kapena popanda mizu, Lachisanu kapena mwezi wamawa, ndipo Esteri asadzinyamulitse katundu amene si wake.

“Ndamva, Dona. Koma Bwana anati akadya akhala zaka. Ndipo anadya nditanena mawu aja. Ndikananena msanga, akanadya msanga.”

Dona anatsegula pakamwa, koma zimene zinatuluka zinali za m'chinenero cha kwawo, ndipo ankalankhula ngati akudziuza yekha. Esteri anadikira pang'ono, n'kuika makiyi patebulo, n'kutuluka. Anasenza mtolo wake, Lines ali pambuyo ndi kamphika, n'kulowera njira ya kumunda wa mzungu wina wa khofi, kumene amalemba akazi opalira osafunsa za mpingo. Amene anamuona kumeneko mwezi watha akuti amagona m'chisakasa cha kumapeto, ndipo anthu amamupatsa moni bwinobwino koma chakudya chake salandira.

Tchalitchi chatsopano tinalowamo mvula isanayambe. Wowerenga Buku tsopano ndi a Pilato, amene mawu awo amathera pa benchi yachitatu. Dona amaphika yekha, amapsereza, ndipo sizasi yake masiku ano imangodula nsalu. Kumtsinje nkhani ikafika pa Esteri aliyense amadziwa chimene akanachita, onse ndi anzeru, onse akanapereka phala tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Koma onsewo ali ndi kwawo, ali ndi amalume awo. Nanga inu amene mwawerenga mpaka pano, mizu ili mu ufa, uku mwamuna akukana mbale, uku mayi amene anakulerani akulira, mukanadikira masiku angati?